Kusala kudya n'kuthamanga: nkhani yomwe inavuta pa gulu la othamanga ku Salima

Kaliwiro: Mwaswera bwanji nonse. Ndati ndingolemba pano poti ambiri mwakhala mukundiimbira ndipo batire la foni yangayi mukulidziwa. Ndatuluka m'chipatala dzulo masana, anandiika madripi awiri, pano ndili kunyumba. Amene simunamve, ndinagwa Loweruka pa msewu wa ku Senga Bay.

Nachisale: Ayi zikomo Ambuye. Tinada nkhawa achimwene. Chinachitika n'chiyani kwenikweni poti aliyense akukamba zake, ena akuti munagundidwa ndi njinga yamoto

Kaliwiro: Palibe anandigunda achemwali, ndinadzigunda ndekha kkkk. Kutchalitchi kwathu tili pa kusala kudya kwa masiku 21 monga timachitira Januwale aliyense, osadya osamwa kuyambira 6 mmawa mpaka 6 madzulo, ndiye Lowerukalo linali tsiku la 9. Ine ndinati treningi sindisiya, pulogalamu inati ulendo wautali ndiye ulendo wautali. Ndinachedwanso kudzuka, pochoka pa boma 6 inali itakwana kale kutanthauza kuti olo madzi sindinamwe. Makilomita 10 oyamba bhobho. Nditadutsa 13 ndinayamba kumva kuzizira, tsembwe thupi lonse, chonsecho dzuwa likuswa mtengo, makutu kumalira ngati muli nyenje, miyendo ngati si yanga. Ndikukumbuka ndinaona mayi wina atakhala ndi beseni la mango m'mbali mwa msewu ndipo ndinkafuna kumupatsa moni koma lilime linakana. Kenako ndinadzidzimuka ndili pa kaliyala wa kabaza, andimanga ndi chitenje cha mayi uja kumsana kwa mwini njinga ngati khanda.

Dolo wa pa Kamuzu Road: kkkkkk pepa aise sindikuseka iwe, ndikuseka chitenjecho. Unabweza?

Kaliwiro: Ndikabweza mawa ndi shuga paketi imodzi. Koma chomwe ndalembera n'china. Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu anabwera kudzandiona kuchipatala, anatsegula Yesaya 40:31 paja pa oyembekezera Yehova kuti adzathamanga osalema, kenako akuti mwana wanga ukanakhala kuti unasala ndi mtima wonse sukanagwa, Eliya anathamanga patsogolo pa galeta la Ahabu osagwa. Mawu amenewa andikhala pamtima mpaka pano sindikugona bwino. Ndiye ndikufunsa akuluakulu muli muno, vuto ndi chikhulupiriro changa kapena?

Anangozo a Nesi: Achimwene ndiyambe ine poti anthu akugwa chonchi ndimawalandira ndi manja angawa. Chomwe chinakugwetsani chili ndi dzina ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, munthu wodya bwino shuga ameneyu amamufikitsa mwina ola limodzi ndi theka akuthamanga, nanga inu masiku 9 mukudya kamodzi patsiku nkhokweyo inali ndi chiyani? Onjezani thukuta. Kutentha kwa kuno munthu wothamanga amatha kutaya lita yathunthu pa ola, ndipo Januwale mpweya umakhala wachinyezi thukuta siliuma ndiye thupi silizizira. Tsembwe munamvalo pa dzuwa ndi belu lochenjeza, pamenepo mumayenera kuima pamthunzi pomwepo. Mukanagwera pamalo popanda anthu bwezi lero tikuphika nyemba kwanu, ndikunena mosabisa.

Aphiri Kochi: Mwamva anesi. Ine ndinalakwanso, pulogalamu ndinakupatsa ndine osafunsa kuti mwezi uno ukudya bwanji.

Mphunzitsi wa ku Khombedza: Ndilowepo pa nkhani ya Eliya poti akuluwo anawerenga theka. Zoona pa 1 Mafumu 18:46 anathamanga kuchoka ku Karimeli mpaka ku Yezreeli, mtunda woposa wa pa boma kukafika ku Senga Bay. Koma tembenuzani tsamba. Mutu 19 munthu yemweyo wagona pansi pa kamtengo m'chipululu watheratu, akupempha kufa. Mngelo atabwera sanamufunse za chikhulupiriro, anamudzutsa n'kumupatsa mkate ndi botolo la madzi, anagonanso, anamudzutsanso kachiwiri kuti adye chifukwa ulendo wamukulira. Kawiri konse chakudya ndi tulo. Ndiye ngati tikutsanzira Eliya titsanzire yense.

Nachisale: Eeeh aphunzitsi mwandiphunzitsa, ndime imeneyo ndaiwerengapo kangati koma sindinaione choncho

Dolo wa pa Kamuzu Road: Botolo aphunzitsi? nthawi ya Eliya? kkkk

Mphunzitsi wa ku Khombedza: Mtsuko iwe, mtsuko. Ndakonza.

Bambo a Tadala: Abale ndawerenga zonse. Ine ndine mkulu wa mpingo kwathu, osati kwa mnyamatayu, ndipo mawu amene anauzidwa pa bedi la chipatala sindikugwirizana nawo, wodwala sumupititsira chiweruzo umamupititsira phala. Komabe tisathamangire mbali imodzi. Kusala kudya si chinthu chopepuka choti tiziti chikasokoneza treningi tichitaye. Funso langa kwa iwe mwana wanga ndi ili, pa ziwirizi n'chifukwa chiyani sunaganize zoimitsa kuthamangako masabata atatu? Ukanataya chiyani? Ndikuona ngati ambiri muno, ine ndemwe, wotchi ya pamkono tayamba kuiopa kuposa Mulungu. Paulo anauza Timoteo kuti kulimbitsa thupi kupindula pang'ono.

Kaliwiro: Bambo funso limenelo landilasa. Kunena zoona ndinkaopa kuti anzanga andisiya, komanso ndinkafuna ndidzaponye pa sitetasi kuti makilomita 20 ndili pa kusala, anthu aone kuti Mulungu amachita. Mwina panali kudzionetsera.

Bambo a Tadala: Wayankha ngati mwamuna. Mateyu 6 imati posala usambe kumaso anthu asadziwe, sinatchule sitetasi.

Aphiri Kochi: Koma bambo pa vesi ya Timoteoyo ndikutsutsani pang'ono. Akuti kupindula pang'ono, sanati sikupindula. Ine ndili ndi zaka 58, BP inandipeza nditangopuma ntchito, pang'ono ameneyo ndi amene akundiyendetsa limodzi ndi mapilisi. Ndipo Paulo yemweyo nkhani za liwiro ankazikonda zedi, 1 Akorinto 9 yonse kumapeto kuja ndi mawu a munthu amene anaonerapo mpikisano.

Mphunzitsi wa ku Khombedza: Eya pafupi ndi Korinto pankachitika masewero akuluakulu zaka ziwiri zilizonse, opambana ankavekedwa nkhata ya masamba, n'chifukwa chake akunena za nkhata yofota. Anthu ankawalemberawo othamanga ankawaona ndi maso monga ife timaonera asilikali a ku MAFCO akudutsa mmawa akuimba.

Che Kabaza wa kwa Maganga: Ine ndine Msilamu koma gulu ndi lathu tonse ndiye ndiponyepo. Ife mwezi wa Ramadan timamanga kuchokera m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, madzi omwe ayi, ndipo ine ntchito yanga ndi yopalasa. Chomwe ndinaphunzira, ulendo wautali mwezi umenewo ndimausiya. Ndimathamanga pang'ono mphindi 30 dzuwa litatsala pang'ono kulowa kuti ndikamamaliza nthawi yofutulu yakwana, kapena usiku nditadya kale. Ndipo kwathu wodwala ndi wapaulendo amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo. Achimwene inu munachita mosemphanitsa, munathamanga koyambirira kwa tsiku kutsogolo kuli maola 10 opanda dontho.

Anangozo a Nesi: Ndi zimenezotu. Ndipo mukamasula musayambe ndi zakumwa za gasi. Madzi kaye, kapena Thanzi, ngati mulibe tengani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mulu, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mmawa muziyang'ana mkodzo, ukakhala wodera ngati tiyi wopanda mkaka tsiku limenelo nsapato zisiyeni pakhomo. A shuga ndi amayi oyembekezera nkhani yosala ayambe afunsa kuchipatala.

Mbale wa ku Chipoka: Poti nkhani yafika apa ndidandauleko zanga. Ine ndimapemphera la Sabata ndipo mukudziwa ulendo wautali wa gulu lino umakhala Loweruka, mipikisano yambirinso imagwera Loweruka lomwelo. Chaka chatha ndinakonzekera miyezi inayi makilomita 21, tsiku litalengezedwa ndinangokhala pansi. Anzanga ena ampingo womwewo anapita, akuti kuthamanga si ntchito ndi kupuma. Ine mtima unakana. Sindikuweruza amene anapita, koma zimawawa kuona zithunzi za mamendulo pa gulu pano iwe uli ndi Baibulo m'manja miyendo ikuyabwa.

Dolo wa pa Kamuzu Road: Nde ukanangothamanga n'kukalapa madzulo man

Mbale wa ku Chipoka: Iwe zako timazidziwa kkkk

Mphunzitsi wa ku Khombedza: Mbale simuli nokha, nkhani yanuyi ndi yakale. Eric Liddell wa ku Scotland mu 1924 ku ma Olympics a ku Paris anakana kuthamanga mamita 100, mtunda umene ankaudziwa bwino, chifukwa mipikisano yachipulula inaikidwa Lamulungu. Analowa wa mamita 400 n'kutenga golide pa masekondi 47.6. Chimene anthu sakonda kutchula n'choti ndandanda anaidziwa kudakali miyezi ndipo anaikonzekera 400 imeneyo, sanangodzuka n'kupemphera. Chaka chotsatira anapita ku China kukagwira ntchito ya umishonale, ndipo anamwalirira konko mu 1945 mu kampu imene asilikali a Japan ankasungiramo anthu. Koma pali winanso, Jonathan Edwards wa ku Britain wolumpha katatu uja. Iyenso ankakana Lamulungu mpaka anaphonya mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 1991, mu 1993 anasintha maganizo n'kuyamba kupikisana, 1995 analumpha mamita 18.29. Atapuma masewero anadzanena poyera kuti sakhulupiriranso.

Bambo a Tadala: Mwaonatu! Ukatsegula kakhomo pang'ono mphepo imalowa yonse.

Mphunzitsi wa ku Khombedza: Ayi bambo pamenepo musandikokere, ine ndangofotokoza zomwe zinachitika, za mumtima mwa munthu sindingazilondole. Alipo ambirimbiri amathamanga Lamulungu ndipo akupempherabe. Mijaha ya Comrades ya ku South Africa ija ya pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90, imachitika Lamulungu, mukuganiza anthu masauzande onse aja ndi akunja?

Nachisale: Ife a Katolika tili ndi mwayi pang'ono, ndimapita Misa yoyamba kenako madzulo kukazizira ndimathamanga. Koma ine mtanda wanga si tsiku, ndi zovala. Abambo muno simungamvetse. Tsiku lina ndikuchokera ku Kaphatenga nditavala thayiti ndi malaya aatali ofika m'ntchafu, ndinakumana ndi amayi ena amene timapemphera limodzi akupita kumunda, moni anayankha ndi mphuno. Lamulungu lake nkhani inali itafika kale kwa apongozi anga kuti mkazi wa mwana wanu akuyenda maliseche mumsewu. Ndinayesapo kuthamanga ndi chitenje pamwamba, abale, pa kilomita yachiwiri chinamasuka ndinatsala pang'ono kudya fumbi, ndipo m'ntchafu munachita kusupuka ndi thukuta. Pano ndimavala siketi yopepuka ya netiboli pamwamba pa thayiti, chitenje ndimamanga m'chiuno ngati lamba kuti ndikaima pogula madzi ndizifunda. Akunenabe koma achepa.

Anangozo a Nesi: Amayi omwewo amabwera kwa ife miyendo itatupa BP ili kumwamba tikawauza kuti muziyenda ndawala amati nanga anthu adzati chiyani. Pitirizani asisi. Catherine Chikwakwa wa ku Malawi kuno anatenga siliva wa mamita 5000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse lapansi mu 2004, dziko lonse linaomba m'manja, anathamanga atavala chilundu?

Bambo a Tadala: Pa zovala ine ndilibe mawu, mayi a Tadala amawerenga foni yanga.

Dolo wa pa Kamuzu Road: kkkkkkk madala athawa. Koma ine funso langa lenileni ndi ili, musandione ngati wachikunja. Pa mzere woyambira aliyense amagwada, uyu akuchita chizindikiro cha mtanda, uyu wadzoza mafuta nsapato, wina ali ndi mphini m'maondo za agogo ake koma nayenso akupemphera. Onse akupempha nambala wani. Nde Mulungu amasankha bwanji? Ine ndinaonapo mnyamata anapaka mafuta odzozedwa mpaka sokosi kunyowa anamaliza wachiwiri kuchokera kumbuyo

Aphiri Kochi: Ameneyo ndikumudziwa ndipo treningi ankabwera kamodzi pa sabata. Ine anyamata anga ndimawauza kuti pempherani mmene mungathere koma Lachiwiri ndikufunani pa bwalo. Ku Kenya kuli tauni ya Iten kumene kumachokera akatswiri ambiri, kuli Brother Colm O'Connell wa ku Ireland anafika 1976 kudzaphunzitsa jogalafe pa sukulu ya St Patrick's, za ukochi sankazidziwa n'komwe, anaphunzira poyang'ana anawo. Ndi amene anaphunzitsa David Rudisha uja anaswa mbiri ya mamita 800 ku London mu 2012 ndi 1:40.91. Munthu wa Mulungu weniweni, wopereka moyo wake wonse, koma ana ake amadzuka mmamawa kukathamanga ngati wina aliyense. Sindinamvepo kuti ankawadzoza nsapato.

Mbale wa ku Chipoka: Ine ndinasiya kupempha nambala. Ndimapempha kuti ndibwere wamoyo ndiponso ndisachitire nsanje wondipitirira, chachiwirichi ndiye chovuta.

Nachisale: Dolo ndikuyankhe ine mwina. Kwa ine pemphero la pa mzere woyambira si lalikulu, lalikulu ndi la tsiku wamba. Ndimadzuka 4:30 ana ali mtulo, panja kuli zii kupatula agalu ndi mawu a ku mzikiti, akabaza oyamba akudutsa ndi matochi a pafoni atanyamula madengu a usipa. Makilomita awiri oyamba mutu umakhala uli pa ngongole ya banki mkhonde ndi fizi. Kenako mpweya ukakhazikika ndimayamba korona, sinditenga mkanda ndimawerenga ndi zala, Tikuoneni Maria mmodzi amatenga masitepe angapo ndipo miyendo imagwira kayendedwe kake yokha. Pomafika pomwe msewu umayamba kuonetsa kuwala kwa kunyanja kumwamba kutafiira ndimapezeka ndamaliza zinsinsi zisanu ndipo munthu amene ndinagona nditamukwiyira ndamukhululukira theka. Kunyumba ndikagwada mphindi zitatu wina akufuna phala wina wataya yunifolomu. Mumsewu ndi mokhamo mmene palibe ondiitana.

Che Kabaza wa kwa Maganga: Theka lokha asisi? kkkk

Nachisale: Theka linalo limafuna makilomita 21

Bambo a Tadala: Zimene mwalembazi mayi zandikhudza. Ine ndimaimba nyimbo za m'buku chamumtima pokwera kamtunda, ndikaona kuti sindingathe kumaliza mzere osapuma ndimadziwa kuti ndathamangitsa. Koma ndibwerezebe nkhawa yanga, msewu usalowe m'malo mwa kusonkhana ndi abale. Ndaona anyamata awiri atayamba ndi kuti ndimapemphera ndikuthamanga, pano chaka chatha osaponda pakhomo la tchalitchi, maliro a mumpingo omwe sabwera. Ahebri 12 imene timaikonda ija yothamanga mopirira imayamba ndi mtambo wa mboni, si munthu mmodzi ndi mahedifoni.

Aphiri Kochi: Kochi wa mpingo ndi kochi wa msewu tagwirizana pamenepo. Olo kuthamanga kumene wekha umafooka, n'chifukwa chake tili ndi gulu.

Dolo wa pa Kamuzu Road: Komanso wekha 4 koloko anthu amakuyesa wakuba. Ine a chitetezo cha m'mudzi anandigwirapo ndi zibonga akuti ukuthawa chiyani, ndinachita kuwaonetsa wotchi kuti onani makilomita, mmodzi akuti nanga wakuthamangitsa ndani, poti munthu wamkulu sangathamange chabe

Anangozo a Nesi: kkkkk Miyambo 28 imati woipa amathawa popanda womuthamangitsa, anali ndi vesi anthuwo

Kaliwiro: Ndaseka mpaka pobaya dripi papweteka. Zikomo nonse. Ndaganiza chonchi, kusalako ndipitiriza masiku atsalawa koma ndikamwa madzi masana, ndikakamba ndi abusa ndekha ndiwafotokozere zimene anesi anena, ndikukhulupirira andimvetsa poti iwo si amene ananena mawu aja. Kuthamanga ndaimika kaye. Akulu aja sindikudziwa ndikawayankha bwanji tikakumana Lamulungu, mtima udakali wowawa pang'ono.

Bambo a Tadala: Usakawayankhe ndi mavesi ngati mukumenyana. Ukawapatse moni, ukawathokoze kuti anabwera kudzakuona, poti kubwerako anabwera. Za Eliya ndi mkate udzawauza tsiku lina mutakhala pansi.

Anangozo a Nesi: Ndipo ine ndikuonjezera, sabata ino olo madzi okha masana sakukwanirani, thupi langotuluka m'chipatala. Idyani kaye masiku angapo, nthochi, phala, nsima ndi usipa, mukabwere ndikuyezeni BP Lachisanu. Mukauze abusa kuti anesi alamula.

Mbale wa ku Chipoka: A Kochi nanga pempho langa lija la ulendo wautali? Mwezi umodzi Loweruka mwezi wina Lamulungu madzulo sizingatheke?

Aphiri Kochi: Lamulungu madzulo phula limakhala likadali lotentha ngati chiwaya, makilomita 20 sangayende. Tiyese chonchi, sabata ya mawa tiike Lachisanu 4:45 mmawa, tikumane pa Kamuzu Road, amene ali ndi ntchito ya 7:30 atembenukire pa 6 km. Aliyense abwere ndi botolo lake, wopanda botolo ndimubweza. Amene muli pa kusala mundiuze ku inbox musachite manyazi.

Che Kabaza wa kwa Maganga: Lachisanu mmawa kwa ine zili bwino bola pofika 11 ndikhale nditasamba. Ndibwera ndi njinga kumbuyo kwanu ndinyamule madzi, wina akagwa chitenje ndili nacho kale.

Kaliwiro: Che mundidutsire mawa cha m'ma 8 tikapereke chitenje cha mayi uja, nyumba yake sindikuidziwa koma pamtengo wa mango pomwe amakhala ndikapazindikira.